Nyama, Miyambo ndi Alendo ku Chigwa cha Luangwa

M'phunziro lathu la lero tikamba za ntchito yokopa alendo kuno ku chigawo cha Kum'mawa, makamaka m'malo oyandikana ndi nkhalango zosungiramo nyama zakuthengo. Tifuna kuyankha funso limodzi lalikulu. Munthu akabwera ndi ndalama zake kudzamanga nyumba zogona alendo pafupi ndi nyama zathu, kodi chimene chimachititsa kuti ntchito yakeyo ikhalitse ndi kupindulitsa eni dziko n'chiyani? Aphunzitsi, pachikani mapu a Zambia pakhoma, ndipo mwana mmodzi aime pafupi kuti aziloza malo amene titi titchule.

Ulendo wochokera ku Chipata

Lozani mzinda wa Chipata, umene kale unkatchedwa Fort Jameson. Kuchokera pamenepo pali msewu watara umene umatsika mapiri, n'kudutsa kwa Jumbe m'boma la Mambwe, mpaka kukafika ku Mfuwe. Mtunda wake ndi woposa makilomita 100. Munthu akamatsika amamva kutentha kukuwonjezeka, pakuti akulowa m'chigwa. Ku Mfuwe kuli bwalo la ndege, kulinso mlatho wa pa mtsinje wa Luangwa, umene ndiwo khomo lalikulu lolowera m'nkhalango ya South Luangwa National Park.

Nkhalango imeneyi kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050. Kumadzulo imalekezera ku mapiri a Muchinga, ndipo kum'mawa mbali yaikulu ya malire ake ndi mtsinje wa Luangwa. Boma la atsamunda linaipatula kukhala malo osungirako nyama mu 1938, ndipo mu 1972 boma la Zambia linaikhazikitsa kukhala paki ya dziko lonse. M'menemo muli njovu, njati, mikango, anyalugwe, afisi ndi mbidzi. M'mtsinje muli mvuu ndi ng'ona zochuluka zedi. Mitundu ya mbalame imaposa 400. Mulinso nyama ziwiri zimene kwawo ndi m'chigwa muno mokha: mtundu wa nyamalikiti, amene ena amati kadyamsonga, wotchedwa ndi dzina la Thornicroft, ndi mtundu wa nyumbu wotchedwa ndi dzina la Cookson. Munthu wa ku London kapena ku Tokyo wofuna kuona nyamalikiti ameneyu kuthengo alibe kwina kopita, ayenera kubwera kwathu kuno.

Tsidya lino la mtsinje, kunja kwa paki, kuli midzi ya Akunda, m'maiko a mafumu asanu ndi mmodzi: Nsefu, amene ali mfumu yaikulu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama. Dera limeneli boma limalitcha Lupande Game Management Area. Kumeneko anthu amaloledwa kukhala ndi kulima, koma nyama nazo zimayenda mwaufulu, popeza palibe mpanda, ndipo njovu sidziwa malire. Kumbukirani mfundo imeneyi, ana inu, pakuti phunziro lonse lagona pamenepa.

Pangano la Mfumu Nsefu

Ntchito yokopa alendo m'chigwa muno inayamba ndi pangano la anthu awiri. Mmodzi anali Norman Carr, amene anabadwira ku Chinde m'dziko la Mozambique mu 1912, ndipo anagwirapo ntchito yowombera njovu zimene zinkaononga minda ya anthu. Winayo anali Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda. Mu 1950 Carr anapempha mfumuyo kuti ipatule chigawo cha dziko lake, asamasakemo nyama, ndipo amangemo msasa woti alendo azigonamo pobwera kudzaona nyamazo. Chachilendo m'panganolo chinali chakuti ndalama zimene alendo ankalipira zinkapita ku thumba la ulamuliro wa Akunda eni ake. Masiku amenewo mzungu wobwera kuthengo ankabwera ndi mfuti. Awa anayamba kubwera ndi makamera.

Pambuyo pake Carr anayambitsanso ulendo woona nyama poyenda pansi, alendo ali pamzere, patsogolo pali mlonda wa nyama wonyamula mfuti ndi wotsogolera wodziwa mapazi a nyama, ndowe zake ndi kulira kwa mbalame. Ulendo wotere ndiwo unatchukitsa Luangwa pa dziko lonse. Carr anamwalira mu 1997, koma dera limene mfumu inapatula lija likudziwikabe ndi dzina la Nsefu, ndipo tsopano lili mbali ya paki.

Nzeru ya pangano lija inali yosavuta. Njovu ikaphedwa imapindulitsa kamodzi kokha: nyama idyedwa, minyanga igulitsidwa, nkhani yatha. Koma njovu yamoyo imaonedwa ndi mlendo wa chaka chino, ndi wa chaka chamawa, ndi wa zaka makumi zikubwerazo, ndipo aliyense amalipira. Komabe nzeru imeneyi imagwira ntchito pokhapokha ngati munthu wokhala moyandikana ndi njovuyo alandirako phindu lake. Akapanda kulandira, kwa iye njovu ndi mdani wa munda wake basi.

Phunziro la chipembere

Dziko lathu linaphunzira zimenezi mowawa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 akatswiri anawerenga njovu zoposa 80,000 m'chigwa cha Luangwa, ndipo zipembere zinalipo zikwizikwi. Koma mtengo wa minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere unakwera kwambiri m'maiko akunja, pa nthawi yomwe chuma cha Zambia chinagwa chifukwa cha kutsika kwa mtengo wa mkuwa. Magulu a anthu opha nyama mozembera malamulo analowa m'chigwa ndi mfuti zankhondo. Alonda a boma anali ochepa, ndipo anthu a m'midzi, amene ankaletsedwa kusaka koma osalandira kanthu, sanaone chifukwa chowathandizira. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 njovu zambiri zinali zitatha, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti chipembere chakuda chatheratu m'Zambia. Mu 2003 zipembere zisanu zinabwera pa ndege kuchokera ku South Africa kudzayambanso mbewu ku North Luangwa National Park. Taganizani, ana inu, nyama imene agogo anu ankakumana nayo panjira, ife tinachita kuipempha kwa anzathu.

Boma litaona kuti mfuti za alonda pazokha sizikwanira, linabwerera ku nzeru ya Nsefu. Mu 1986, mothandizidwa ndi dziko la Norway ndiponso molimbikitsidwa ndi Pulezidenti Kenneth Kaunda, kunayamba ntchito yotchedwa Luangwa Integrated Resource Development Project, imene cholinga chake chinali kubwezera ndalama za nyama kwa anthu a m'chigwa. Lamulo la nyama la 1998 linakhazikitsa mabungwe a anthu a m'midzi otchedwa Community Resources Board, amene mamembala ake amasankhidwa ndi anthu ndipo mfumu ndiyo imawayang'anira monga kholo. Lamulo la 2015 linaika udindo wosunga nyama m'manja mwa nthambi ya boma ya Department of National Parks and Wildlife, koma mabungwe a m'midzi aja linawasunga.

Njira zimene ndalama ya mlendo imayenda

Tsopano tiyeni titsate ndalama ya mlendo, tione kumene imapita. Aphunzitsi, lembani njira zisanu izi pa bolodi.

Njira yoyamba ndi ndalama yolowera m'paki. Aliyense wolowa amalipira pachipata, ndipo nzika za Zambia zimalipira zochepa kuposa alendo ochokera kunja. Ndalama imeneyi imapita ku boma. Eni nyumba za alendo zimene zili m'kati mwa paki amalipiranso boma chifukwa cha malo amene anabwereka.

Njira yachiwiri ndi malipiro a antchito. Nyumba imodzi ya alendo imafuna ophika, operekera zakudya, ochapa, oyendetsa galimoto, amakanika, akalipentala, omanga, ofolera udzu, alonda ndi olemba mabuku a ndalama. Ntchito yolemekezeka kwambiri ndi ya wotsogolera alendo, amene sayamba ntchito asanakhoze mayeso ovuta a za nyama, mitengo, mbalame ndi chitetezo cha anthu.

Njira yachitatu ndi malonda. Alendo amadya, choncho mlimi wa dimba amene ali ndi matimati, kabichi, anyezi ndi mazira abwino, ndipo amasunga pangano la tsiku lobweretsa, ali ndi msika. Alendo amafunanso kanthu kopita nako kwawo. Pafupi ndi Mfuwe pali Tribal Textiles, imene inayamba mu 1991, kumene anthu amajambula nsalu ndi manja. Palinso Mulberry Mongoose, kumene amayi amapanga mikanda ndi zibangili ndi mawaya a misampha amene alonda amatola kuthengo. Waya umene ukanadula mwendo wa mkango umasanduka chovala cha pakhosi.

Njira yachinayi ndi ndalama za alenje achilolezo. M'dera la Lupande boma limalola alendo ena kusaka nyama zowerengeka chaka chilichonse atalipira ndalama zambiri, ndipo gawo la ndalamazo limayenera kupita ku mabungwe a m'midzi aja. Mabungwewo amalemba ntchito alonda a m'midzi ndi kuthandiza pa zitukuko monga zipinda zophunziriramo ndi zitsime. Ndalamazi zikachedwa kufika, alonda amakhala osalipidwa ndipo misampha imachuluka.

Njira yachisanu ndi zopereka. Kuyambira 2009 eni nyumba zambiri za alendo ku Mfuwe amaonjezera kandalama pa usiku uliwonse umene mlendo wagona, n'kuika m'thumba lotchedwa Luangwa Conservation and Community Fund, limene limathandiza ntchito yoteteza nyama ndiponso sukulu za m'deralo.

Koma tinene chilungamo. Ndalama imene mlendo amawononga pa ulendo wake sifika yonse m'chigwa. Ina imatsala kwa eni ndege, ina kwa okonza maulendo a kwawo, ina ku masitolo a ku Lusaka kumene kumagulidwa zakudya zina. Zili ngati kutunga madzi ndi chidebe chobooka: pofika kunyumba madzi achepa. Njira yotsekera mabowo ndi yakuti ntchito zambiri, ngakhale zapamwamba monga kuyang'anira nyumba yonse, zigwiridwe ndi ana a kuno, ndiponso katundu wambiri agulidwe kuno.

Miyambo nayonso ndi chuma

Alendo ambiri amakwera ndege ku Lusaka, n'kutera ku Mfuwe, kuona nyama masiku atatu kapena anayi, n'kubwerera osaponda ku Chipata. Ena amachokera ku Lilongwe kudzera pa chipata cha Mwami, koma amangodutsa. Chimene chingawaimike ndi miyambo yathu.

Chaka chilichonse kumapeto kwa Febuluwale Angoni amasonkhana ku Mtenguleni, pa msewu wa ku Katete, pa mwambo wa Nc'wala, pamene Mfumu Yaikulu Mpezeni imalawa zakudya zoyamba kucha, ndipo amuna amavina ngoma atanyamula zishango ndi zibonga. Mwambowu unalekeka Angoni atagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1898, ndipo unayambanso mu 1980. Kumapeto kwa Ogasiti Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, pamene mafumu amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Kumeneko kumatuluka Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma chamtengo wapatali cha anthu a pa dziko lonse. Akunda nawo ali ndi mwambo wa Malaila. Palinso zithunzi zakalekale zojambulidwa pa matanthwe, monga za pa Thandwe kufupi ndi Chipata ndi za pa Kalemba m'boma la Chadiza.

Onani nzeru ina apa. Nc'wala imachitika m'nyengo ya dzinja, pamene misasa yambiri ya m'paki yatsekedwa chifukwa cha matope. Kulamba kumachitika m'chilimwe, pamene alendo ali ambiri. Choncho mwambo wina ungabweretse alendo pa nthawi ya njala ya alendo, ndipo wina ungatalikitse ulendo wa amene abwera kale. Usiku umodzi umene mlendo aonjezera ku Chipata kapena ku Katete ndi ndalama kwa mwini nyumba yogona, woyendetsa takisi, wophika ndi woluka madengu.

Chitsanzo china chili m'mudzi wa Kawaza, m'dziko la Mfumu Nsefu. Kuyambira 1997 anthu a kumeneko anayamba kulandira alendo m'mudzi mwenimweni, kuti agone m'nyumba zaudzu, adye nsima, aone kasinjidwe ka chimanga, acheze pa sukulu ndi kumva nthano madzulo. Ntchitoyo inali m'manja mwa eni mudzi, ndipo phindu lake linathandiza sukulu ndi anthu osowa.

Pano pafunika chenjezo. Mwambo uli ndi eni ake. Gule Wamkulu ali ndi zinsinsi zake za kudambwe, zimene sizigulitsidwa pa mtengo uliwonse. Mlendo aone zimene akuluakulu alola kuti zionedwe pabwalo, ndipo apemphe asanajambule munthu. Mwambo umene uvinidwa tsiku lililonse chifukwa cha ndalama zokha umasuluka ngati nsalu yokhalitsa padzuwa, ndipo potsiriza ngakhale mlendo saufunanso.

Walira mvula walira matope

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ntchito yokopa alendo ili ndi matope ake, ndipo tiwatchule atatu.

Oyamba ndi kulimbana kwa anthu ndi nyama. Ku nyumba ya alendo ya Mfuwe Lodge, mapeto a chilimwe akafika, njovu zimadutsa m'chipinda cholandirira alendo popita kukadya zipatso za mtondo umene uli kuseri, ndipo alendo amakondwa kwambiri. Koma njovu zomwezo, kapena zinzake, zikalowa m'munda wa chimanga usiku umodzi, banja limagona ndi njala chaka chonse. Zimagumula nkhokwe, ndipo nthawi zina zimapha anthu. Ng'ona zimagwira asodzi ndi otunga madzi. Mabungwe monga Conservation South Luangwa, limene linayamba mu 2003, amathandiza alimi kupirikitsa njovu ndi tsabola, amene fungo lake njovu zimadana nalo, ndiponso kumanga nkhokwe zolimba za njerwa ndi simenti zotchedwa felumbu. Bungwe la COMACO, limene nalonso linayamba mu 2003, limagula mtedza, mpunga ndi uchi kwa alimi amene apereka mfuti ndi misampha yawo. Munthu amene wakhuta satchera khwekhwe.

Achiwiri ndi nkhani ya malo. Malo a m'midzi ali m'manja mwa mafumu, amene amawasungira anthu awo. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo otere asanduke obwereketsa kwa zaka mpaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza. Zaka 99 n'zambiri kuposa moyo wa munthu. Malo a m'mbali mwa mtsinje, amene womanga nyumba ya alendo amawakonda, ndi omwewo amene anthu amatungako madzi ndi kuwedza nsomba, ndi omwewonso amene njovu zimadzera popita kukamwa. Nyumba zikathithikana pagombe, njovu zimasowa njira ndipo zimakhotera kumidzi. N'chifukwa chake nkhani ya malo iyenera kukambidwa poyera, pabwalo, anthu onse akumva, asanasaine pepala lililonse.

Achitatu ndi akuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Misasa yambiri imagwira ntchito m'miyezi ya chilimwe yokha, ndipo antchito ena amakhala pakhomo dzinja lonse. Mu 2020, pamene matenda a COVID-19 anaimitsa ndege pa dziko lonse, alendo anasowa ndipo mabanja ambiri ku Mfuwe anavutika. Choncho munthu wanzeru sataya khasu chifukwa wapeza ntchito ya alendo. Ndiponso ife eni dziko tiyenera kuphunzira kuyendera paki yathu, kuti ntchitoyi isadalire anthu akutali okha.

Mafunso atatu ofunsa wobwera ndi chuma

Dziko lathu limafuna anthu obwera ndi ndalama kudzamanga, kaya ndi a ku Chipata, a ku Lusaka kapena akunja, pakuti nyumba yabwino, galimoto ndi magetsi a dzuwa zimadya ndalama zambiri zimene mudzi paokha sungakwanitse. Koma aliyense wobwera afunsidwe mafunso atatu. Loyamba: malowa ndi a yani, ndipo eni ake avomereza akudziwa zonse? Lachiwiri: pa antchito ndi pa katundu wogulidwa, ndi zingati zimene zidzachokera m'midzi yoyandikana? Lachitatu: nyama zimene zidzakubweretserani alendo zikaononga munda wa mnansi wanu, mudzachitapo chiyani? Amene ayankha bwino mafunso amenewa alandiridwe ndi manja awiri, pakuti watsata njira imene Mfumu Nsefu anatsegula mu 1950. Ntchito yake idzakhalitsa, chifukwa mudzi wonse udzakhala mlonda wake.

Gawo lanu, ana a sukulu

Inu muli ndi gawo. Limbikirani Chingerezi, masamu ndi sayansi, pakuti wotsogolera alendo ndi woyang'anira nyumba amafuna zonsezi. Koma musanyoze chilankhulo chanu. Funsani agogo anu maina a mitengo, mbalame ndi nyama, ndi ntchito ya mtengo uliwonse, popeza nzeru imeneyi sipezeka m'mabuku akunja ndipo ndiyo imene mlendo amadabwa nayo. Musaphe mbalame ndi malegeni, musatenthe tchire, musalembe maina anu pa matanthwe a zithunzi zakale. Mukaona galimoto ya alendo, perekani moni mwaulemu, koma musathamangire kupempha ndalama kapena maswiti, chifukwa mwana wa mwini dziko sapempha pakhomo pake. Ngati pa sukulu panu palibe kalabu ya Chongololo, imene yakhala ikuphunzitsa ana a Zambia za chilengedwe kuyambira 1972, pemphani aphunzitsi anu kuti ayambitse.

Ntchito ya m'kalasi

Aphunzitsi, phunziro likatha thandizani ana kuchita izi:

1. Ajambule mapu osonyeza Chipata, Katete, Mfuwe, mtsinje wa Luangwa ndi mapiri a Muchinga.
2. Atchule mafumu asanu ndi mmodzi a Akunda.
3. Afotokoze m'mawu awo chifukwa chimene chipembere chinathera m'chigwa cha Luangwa.
4. Alembe njira zisanu zimene ndalama ya mlendo imayenda, ndipo anene njira imene ingafike m'mudzi mwawo.
5. Achite sewero la bwalo la mfumu: mmodzi akhale mfumu, wina wofuna kumanga nyumba ya alendo, wina mlimi amene njovu zamudyera munda, wina msodzi, wina mlonda wa nyama. Ana otsalawo akhale anthu a m'mudzi, ndipo aweruze ngati malowo aperekedwe, ndi pa mfundo zotani.

Phunziro lathu lathera pamenepa. Tsalani bwino mpaka tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.